Breadfan si ya Metallica, mphwanga

Eya mphwanga, ndauona uthenga wako pagulupu, ndati ndingolankhula chifukwa kulemba kungatalike. Wafunsa kuti nyimbo ya Breadfan ija, Metallica anaipeka liti. Iwe, nyimbo imeneyo si yawo ayi, anachita kubwereka. Eni ake ndi gulu la ku Cardiff, ku Wales, dzina lake Budgie. Anaitulutsa mu 1973 pa chimbale cha Never Turn Your Back on a Friend. Nthawi imeneyo Metallica kunalibe n'komwe, iwowa anayamba mu 1981, ndipo Breadfan anadzaiimba mu 1988.

Ndipo siinali yoyamba kubwereka. Mu 1987 anali ataimba kale ina ya Budgie yomweyo, Crash Course in Brain Surgery. Iron Maiden nawonso anatengako ina mu 1992, Soundgarden chimodzimodzi. Ndiye ukaona akuluakulu onsewa akukatunga pa chitsime chimodzi, dziwa kuti madzi ake ndi abwino.

Anyamata a Budgie anali atatu basi. Burke Shelley ndiye ankaimba uku akuliza bass, Tony Bourge pa gitala, Ray Phillips pa ng'oma. Anayamba mu 1967, chimbale choyamba n'kutuluka mu 1971. Amene anawajambula ndi Rodger Bain, bambo yemweyo amene anajambula zimbale zitatu zoyambirira za Black Sabbath. Wamva pamenepo? Anali a nthawi imodzi, odutsa m'manja amodzi, koma lero ukafunsa kuti heavy metal anaiyambitsa ndani, aliyense amangoti Black Sabbath, Led Zeppelin, Deep Purple, n'kuthera pomwepo. Ine zimandiwawa kwambiri zimenezi.

Tsono chimene ndikufuna uchite ndi ichi. Uisake ya 1973 ija, uvale mahedifoni, usaimvere pa sipika ya foni chifukwa bass sungaimve. Tchera khutu poyambira penipeni. Gitala imayamba yokha, mothamanga, kubwereza kachidutswa kamodzimodzi ngati ikuthamangitsidwa, kenako ng'oma ndi bass n'kulowa pamodzi. Mu 1973 anthu ambiri oimba zolemera ankayenda pang'onopang'ono, koma awa anaphatikiza kulemerako ndi liwiro. Ndiye pakatikati zonse zimangoti zii, gitala n'kuyamba kulira mofatsa, Shelley akuimba ndi mawu ake aang'ono aja, okwera kwambiri moti ena amayesa ndi mzimayi. Mtima ukangokhala pansi, phokoso lija limabwerera ndi mphamvu zonse. Kwa ine, kaimbidwe kothamanga, kufatsa pakati, n'kuphulikanso, kamene umakakonda mwa Metallica, ndimakamva kale mmenemu. Awa ndi maganizo anga, iwenso ukamvere wekha.

Mawu a Shelley mwina akudabwitsa poyamba, poti unazolowera kukhuthala kwa mawu a James Hetfield, woimba wa Metallica. Usathawe msanga, ipatse mpata.

Sikuti a Budgie analibiretu owakonda. Mu 1982 anakaimba ku Poland, dzikolo lidakali pansi pa ulamuliro wa chikomyunizimu, ndipo anthu anawalandira ndi manja awiri. Koma kutchuka kwa anzawo aja sanakufike. Shelley anamwalira mu January 2022 ali ndi zaka 71.

Ukamaliza imeneyo upitirize ndi chimbale cha Squawk cha 1972, kenako unditumizire uthenga undiuze mmene wazionera. Uwapatse moni amayi ako, uwauze kuti ndiwaimbira Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi.