Mwala umene umasandutsa kuwala kosaoneka kukhala kobiriwira

Wophunzira wina wa fizikisi amene ali m'chaka chomaliza ku yunivesite wandilembera imelo. Akuti waona mwayi wokachita masitazi kunja, ndipo mutu wa kafukufuku wake ndi nonlinear optics (mmene kuwala kwamphamvu kwambiri kumasinthira kukamadutsa mu chinthu) pamodzi ndi zipangizo zodutsa kuwala. Akufunsa kuti nkhaniyi kwenikweni ndi yotani, nanga bwanji akuiphatikiza ndi za miyala ndi magalasi, zomwe kwa iye zikuoneka ngati ntchito ya anthu a kemisitiri. Mantha ake ndi akuti angataye zaka ziwiri pa masamu osapita nawo kulikonse.

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyambe ndi kanthu kamene mwina munakagwirapo: ka laser kobiriwira kaja kolozera pa bolodi. Mu tambiri mwa timeneti mulibe chimene chimayaka mobiriwira. Muli kanyali kotchedwa diode kotulutsa kuwala kwa infrared, kumene diso siliona bwino, kwa mananomita 808 (muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala, umene umasiyanitsa mitundu yake), kumene kumaomba kamwala kokhala ndi neodymium. Kamwalako kamatulutsa kuwala kwa mananomita 1064, komwenso diso siliona. Kenako kuwalako kumadutsa mu kachidutswa ka krustalo yotchedwa KTP, n'kutuluka kuli pa 532, theka lenileni la 1064, ndiye kubiriwira mumaonako. Mutu umene mukuuopawo ndi womwewu. Ndikupempheninso kuti musamalozetse timeneti m'maso mwa munthu, chifukwa totchipa tina tilibe sefa yotsekereza infrared yotsala, ndipo kuwala kosaoneka sikuphethiritsa diso pamene kukulipsereza.

Chimachitika n'chiyani m'kati mwa krustaloyo? Kuwala kukamadutsa mu chinthu, kumagwedeza maelekitironi a m'maatomu. Kukakhala kwa dzuwa kapena kwa babu, maelekitironiwo amangotsatira bwinobwino, ndipo chofiira chikalowa chimatuluka chili chofiira. Koma kuwala kukakula mphamvu koopsa, maelekitironi amakankhidwa mopitirira, sapita ndi kubwerera molingana, ndipo m'kugwedezeka kwawo mumabadwa mafunde ena ogwedezeka mofulumira kawiri kapena katatu kuposa amene analowa, ndipo kugwedezeka kukawirikiza, kutalika kwa funde kumatsika ndi theka. N'chimodzimodzi sipika ya wailesi mukaikweza kufika pomaliza: imayamba kutulutsa timawu tina topyapyala timene mu nyimbomo munalibe.

Laser isanabwere, mphamvu yotereyi kunalibe woti n'kuipeza. Theodore Maiman anayatsa laser yoyamba mu 1960, ndipo chaka chotsatira, mu 1961, Peter Franken ndi anzake ku University of Michigan anaombetsa kuwala kofiira kwa mananomita 694 mu mwala wa quartz, n'kupeza kuwala kwa ultraviolet kwa 347. Kunali kochepa zedi moti pa chithunzi kunangosiya kadontho, ndipo okonza magazini ya Physical Review Letters anakafufuta poyesa kachitsotso. Mu 1962 Nicolaas Bloembergen ndi gulu lake ku Harvard analemba masamu ofotokoza zonsezi, ndipo iye analandira mphoto ya Nobel mu 1981.

Taonani zaka zimenezo. Maziko a masamu anayalidwa kale, zaka zoposa 60 zapitazo. Chimene chakhala chikusowetsa anthu tulo kuchokera nthawi imeneyo ndi mwala woyenera, ndipo apa ndi pamene pagona yankho la funso lanu lachiwiri.

Si chinthu chilichonse chimene chingawirikize kuwala chonchi. Maatomu ake ayenera kusanjika mopendekera mbali imodzi, osati mofanana uku ndi uku. N'chifukwa chake galasi la pawindo kapena mchere wa patebulo sizingathe. Vuto lalikulu koposa ndi lakuti kuwala kwa mitundu yosiyana kumayenda pa liwiro losiyana m'kati mwa chinthu chimodzi. Kobiriwira kumene kwabadwa kumayambiriro kwa krustalo kumatsalira m'mbuyo, ndiye kukakumana ndi kumene kwabadwa patsogolo pang'ono, m'malo mowonjezerana kumafafanizana. Mu miyala yambiri zimenezi zimachitika pa mtunda wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Ofufuza amafuna krustalo imene, akaidula pa ngodya inayake, mafunde awiriwo amayendera limodzi kuyambira polowera mpaka potulukira. Mu labotale mudzamva akuti phase matching, ndipo munthu amatha tsiku lonse akupotoza kamwala pang'onopang'ono mpaka kuwala kutabuka.

Ikapezeka yotere, mavuto ena amayamba. Ina imachita bwino koma laser yamphamvu imaiboola. Ina imayamwa chinyezi n'kuchita chifunga. Ina imameza kuwala komwe ikupangako. Ina ndi yabwino pa zonse, koma siikula kufika poti n'kuidula.

Munthu amene ndimamulemekeza kwambiri pa ntchitoyi ndi Chen Chuangtian wa ku China. Iye sanangoyesa miyala mwachisawawa. Anayamba ndi kuwerengera kuti ndi timagulu titi ta maatomu timene timapatsa krustalo mphamvu imeneyi, ndipo masamuwo anamulozera ku boron ndi oxygen. M'zaka za m'ma 1980 gulu lake ku Fuzhou linatulutsa makrustalo otchedwa BBO ndi LBO, amene lero mudzawapeza pafupifupi mu labotale iliyonse ya laser padziko. Pambuyo pake anabwera ndi KBBF, imene imatha kutsitsa kuwala mpaka mananomita 177. Imeneyi imakula mu timagawo topyapyala, muli beryllium yemwe ndi wapoizoni, ndipo inasowa moti dziko la China linasiya kuigulitsa kunja. Mpaka lero magulu ambiri akusakasaka ina yolowa m'malo mwake. Ndiye mukaona kuti akuphatikiza kuwala ndi miyala, dziwani kuti sanasokoneze. Wa fizikisi amawerengera, wa kemisitiri amakulitsa krustalo mu ng'anjo kwa masabata, kenako abwerera limodzi ku laser kukaona ngati masamu ananena zoona.

Pali ina imene alimi ena amaidziwa osadziwa: KDP. Ndi mchere wa potaziyamu ndi fosifeti womwe umagulitsidwanso ngati feteleza wosungunula m'madzi. Ukayeretsedwa n'kukulitsidwa mosamala, umapereka krustalo yolemera makilogalamu mazanamazana. Ku National Ignition Facility ku California, mizere 192 ya laser imadutsa mu mapale a KDP ndi mtundu wina wa KDP yomweyo kuti ichoke pa mananomita 1053 kufika pa 351. Kuwala kumeneko ndi kumene, mu Disembala 2022, kunapanikiza kambewu ka hydrogen mpaka kutulutsa mphamvu yoposa ya laser imene inakaomba.

Musaganize kuti ndi za kutali zokhazokha. Imelo yanu inayenda ngati kuwala mu ulusi wa galasi, ndipo intaneti ya ku Malawi imatulukira ku nthambo za pansi pa nyanja kudzera ku Tanzania ndi Mozambique. Galasi siliwirikiza kuwala, koma lili ndi khalidwe lina: kuwala kukachuluka, liwiro lake m'galasimo limasintha. Pakati pa ulusiwo ndi popapatiza, mamaikiromita pafupifupi 9, ndipo mtunda ndi wa makilomita zikwizikwi, choncho timauthenga toyenda limodzi timayamba kusokonezana. Chimenechi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimaika malire pa kuchuluka kwa deta imene ulusi umodzi unganyamule, ndipo kuli anthu amene ntchito yawo yonse ndi kulimbana nacho. Azachipatala nawonso amapindula: maikulosikopu yoona m'kati mwa ubongo wamoyo, imene inapangidwa ku Cornell mu 1990, imadalira zimene Maria Goeppert-Mayer analosera ndi masamu okha mu 1931.

Maganizo anga ndi akuti mulembe kalata yofunsira malowo. Masamu alipo, sindikunamizani. Muyenera kuwagwira bwino a Maxwell ndi a Fourier, komanso fizikisi ya zinthu zolimba, ndipo ngati simunayambe Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, yambani pano. Koma munthu wotuluka mu labotale yotere amadziwa kulunjika laser, kuyeza kuwala kofooka kwambiri ndi kuwerengera khalidwe la zipangizo pa kompyuta, ndipo luso limeneli limafunika ku makampani a mafoni ndi intaneti ngakhalenso pa makina a m'zipatala. Ngati mwayi uwu utakanika, yang'anani African Laser Centre, yomwe ili pansi pa CSIR, bungwe la kafukufuku la boma la South Africa, ku Pretoria, ofufuza za laser a ku yunivesite ya Stellenbosch, ndi maphunziro aafupi a za kuwala amene ICTP, likulu la fizikisi la mayiko ambiri, imachititsa ku Trieste, Italy.

Musanavomere, alembereni a pulofesawo muwafunse zinthu ziwiri: kodi makrustalo awo amakulitsa okha kapena amagula, nanga wophunzira wa masitazi amaloledwa kugwira laser kapena amangopatsidwa manambala oyeza ena? Akakuyankhani, nditumizireni imelo ina tione limodzi.