Prado kapena Fortuner: kaye kakhaleni pa mpando wakumbuyo kwenikweni

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa galimoto za Toyota, Prado 150 ndi Fortuner, ndi iti yomwe banja la anthu 7, kuphatikizapo agogo, lingayendemo momasuka kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Karonga. Ine ndikuti nkhani yanu yagona pa mzere wachitatu wa mipando. Pachiwongolero paja zonse ziwiri mukhala bwino, koma amene adzadandaule ndi a kumbuyo.

Mu Fortuner mipando iwiri yakumbuyoyo imapindidwira m'mbali n'kukolekedwa cha pamawindo, ndiye imadya malo a katundu komanso imakutchingirani mukamayang'ana kumbuyo. Mu Prado 150, yomwe idatuluka mu 2009, mipandoyo imalowa pansi, buti n'kukhala yosalala. Koma musanamizidwe: mukaitukula kuti pakhale anthu, m'galimoto zonse ziwiri mumatsala kamalo ka zikwama ziwiri basi. Thumba la ufa ndi masutikesi zifunika kariyala wa padenga. Ndipo kumbuyoko pansi ndi pokwera, munthu wamkulu amakhala mawondo ali m'mwamba. Kumeneko ndi kwa ana. Agogo akhale mzere wapakati, ndipo onetsetsani kuti galimotoyo ili ndi chopondera cha m'mbali, chifukwa zonsezi ndi zazitali pokwera.

Pa mabampu Prado imaposa. Fortuner idamangidwa pa chasisi cha Hilux, ndipo ngakhale kumbuyo ili ndi masipuling'i ozungulira, imadumphadumpha ndithu pamsewu wokumbika, makamaka mulibe katundu. Prado ndi yofewa komanso phokoso la panja limalowa pang'ono, moti mwana amagona osadzidzimuka. Pomwe ndimaiyamikira Fortuner ndi pa mpweya wozizira: ili ndi timabowo ta AC padenga tofikira mizere yakumbuyo. Kutentha kwa ku Karonga mu Okutobala si kwamasewera, choncho Prado yomwe mwaipeza muiyatse AC, inu mukhale kumbuyo kwenikweni, mumve ngati mpweya ukufika.

Ngati mukuitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, chenjerani apa. Prado TX ya kumeneko imabwera ina ya mipando 5, ina ya 7. Musatumize ndalama musanaone chithunzi cha buti. Wailesi yake nthawi zambiri imagwira FM kuyambira 76 mpaka 90 okha, ndiye mawailesi athu ambiri simuwamva pokhapokha muikitse expander (kachipangizo kothandiza wailesiyo kugwira mawailesi enawo), ndipo sikirini imalemba Chijapani. Ambiri amangoichotsa n'kuika ina.

Mipando ya chikopa ndi yosavuta kupukuta ana akatayirapo thobwa, koma imawotcha galimoto ikaima padzuwa. Ine ndi ana aang'ono ndingasankhebe chikopa.

Ngati thumba likulola, tengani Prado ya mipando 7. Tsiku lokaiona mupite ndi agogo ndi ana onse, aliyense akhale pamalo pake, muzungulire pamsewu wafumbi musanagwirizane mtengo.