Squid ikuchedwa kutsegula mapeji, yambani mwayang'ana DNS

Achimwene, mwanena kuti Squid yanu ya ku ofesi, pulogalamu yomwe makompyuta amadzerapo popita pa intaneti, imaima kaye masekondi angapo musanaone peji, koma ikangotseguka zonse zimathamanga bwinobwino, ndiye mukufunsa ngati mugule bandwidth ina. Ayi, musawononge ndalama manje, vuto limenelo nthawi zambiri ndi DNS, njira yomwe imasandutsa dzina la webusayiti kukhala adiresi ya IP.

Tengani wotchi muwerenge, ngati kuchedwako kukumakhala pafupifupi masekondi 5 nthawi zonse, ndiye kuti nameserver yoyamba (seva yoyankha mafunso a DNS) siikuyankha. Squid ikafunsa dzina osayankhidwa imadikira masekondi 5 isanafunsenso, ndipo ikafika masekondi 30 imagonja n'kukupatsani error. Ine zinandichitikira pa kaofesi kena ku Kamwala, magetsi atazimazima rauta inapsa, anaika ina ya IP yosiyana koma mu /etc/resolv.conf, fayilo yolembamo ma nameserver, munali mukadali adiresi yakale ija pamwamba penipeni, anthu sabata yonse akudandaula kuti intaneti yafa pomwe layini inali bwino chabe.

Ndiye lowani pa kompyuta yomwe pali Squid yo, osati pa laputopu yanu chonde, chifukwa laputopu ikhoza kumafunsa kwina. Onani ma nameserver omwe ali mu resolv.conf, komanso ngati mu squid.conf, fayilo ya ma settings a Squid, muli mzere wa dns_nameservers, poti ukakhalapo Squid imatsatira umenewo. Kenako yesani imodziimodzi ndi dig, pulogalamu yofunsira DNS, lembani dig @adiresiyo google.com, muone pomwe palembedwa Query time. Yesaninso 8.8.8.8 ndi 1.1.1.1, ma nameserver a Google ndi Cloudflare, mufananitse. Dig ikanena kuti timed out pa nameserver yanu ina, mwampeza wolakwa. Zonse zikakana, onani firewall ngati sikutseka port 53 yomwe DNS imadzerapo, UDP ndi TCP yomwe.

China chomwe ambiri sachidziwa, mu logformat, mzere wa mu squid.conf wonena zomwe Squid izilemba mu log, mukhoza kuikamo %dt, imakuonetsani ma millisecond omwe apita pa DNS yokha pa request iliyonse, apo simukhalanso mukungoganizira.

Mukachotsa nameserver yakufayo musaiwale squid -k reconfigure kuti Squid iwerengenso ma settings, apo ayi izipitirizabe kufunsa yakale. Ine ndimakonda kuikanso Unbound kapena dnsmasq, mapulogalamu osunga mayankho a DNS, pa makina omwewo n'kulozetsa Squid ku 127.0.0.1, adiresi ya makina omwewo, mayina omwe anthu amatsegula tsiku lililonse amayankhidwa pompo osatuluka panja. Tumizani zomwe dig yakupatsani pa nameserver iliyonse tione limodzi.