Kontena ikabedwa panyanja, amalipira ndani?

Achemwali, mwafunsa kuti katundu wanu akabedwa panyanja asanafike ku Dar es Salaam, adzakubwezerani ndani. Tsegulani kaye pepala la inshuwalansi. Kwa ife kuba n'kuba basi, koma a zamasitima ndi a inshuwalansi anapatsa kubako mayina osiyana, ndipo dzinalo ndi limene limatulutsa ndalama kapena kuzitsekera.

Piracy ndi pamene anthu a m'boti lina aukira sitima pofuna phindu lawolawo, kunja kwa madzi a dziko lililonse, kupitirira mamailosi 12 a panyanja kuchokera kugombe, pafupifupi makilomita 22. Likutero pangano la UN la malamulo a panyanja la 1982, ndime 101. Zomwezo zikachitika m'kati mwa mamailosi 12 aja, mwina sitima itaima kudikira malo padoko, bungwe la UN loona za masitima a panyanja, la IMO, limati armed robbery, mlandu wake ndi wa apolisi a dzikolo. Wina akadula silo, kachitsulo ka nambala kotsekera kontena, mwakachetechete n'kusolola makatoni asanu, imeneyo ndi pilferage, ndipo ndi imene imatidya ife tsiku ndi tsiku.

Msampha uli pa CIF, mgwirizano woti mtengo wa wogulitsa ukuphatikiza katundu, inshuwalansi ndi ulendo wa pasitima mpaka padoko. Wogulitsa wa ku Guangzhou akalemba zilembo zitatuzo, anthu amagona tulo poganiza kuti atetezedwa. Ayi ndithu. CIF imangomukakamiza kugula inshuwalansi yotsikitsitsa, Clause C: moto, kumira, kugundana kwa masitima. Mbava mulibemo, achifwamba mulibemonso. Umirirani Clause A, imene imateteza ngakhale ku mbava ndi achifwamba, pa 110 peresenti ya mtengo wa katundu, ndipo kofikira alembe Mzuzu, osati Dar, apo ayi msewu wonse wa Mbeya, Songwe ndi Chiweta muyenda wamaliseche. Zija zowombera masitima pa Red Sea kuyambira 2023 zimawerengedwa ngati nkhondo, zili ndi inshuwalansi yakeyake.

Chimene chimagwetsa anthu n'china: general average. Sitima ikagwidwa ndi achifwamba, eni ake n'kulipira dipo, ndalamayo amagawana eni sitima ndi onse amene ali ndi katundu m'menemo, aliyense molingana ndi mtengo wa zake. Kontena yanu ifika yosakhudzidwa, koma saitulutsa mpaka mutasaina bondi yolonjeza kulipira gawo lanu, ndipo wa inshuwalansi wanu apereke chitsimikizo. Mulibe inshuwalansi? Muika dipoziti ya m'thumba mwanu, uku ya malo padoko ikukwera, uku ngongole ikubereka, benchi lanu kumsika wa Taifa lili mbee.

Polandira, fananizani nambala ya silo ndi ya pa bill of lading, pepala la katundu lochokera kwa eni sitima, musanasaine. Ikasiyana, jambulani, lembani pa pepala lolandirira pomwepo, itanani woyeza wa inshuwalansi. Zosaonekera kunja dziwitsani eni sitima mwa kalata mwamsanga, chifukwa malamulo ena amapereka masiku atatu okha. Ndipo musayembekeze chifundo pa boda: ena kumeneko amawerengera msonkho makatoni a papepala, awo anasowawo mulipirira ndithu ngati mulibe lipoti la woyeza uja m'manja.