Funsani Dokotala: magemu, tulo, maso ndi chala chopweteka

Makalata a sabata ino ambiri akukamba za magemu a pafoni ndi a pa PlayStation. Ndasankhapo asanu, ndipo mayina a olemba ndawachotsa monga mwa nthawi zonse.

Adokotala, ndine mayi wa ku Ulongwe. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 15 ali kalasi 9. Chimugulireni foni malume ake chaka chatha, mwanayu si yemwe uja. Ndikadzuka pakati pa usiku ndimaona kuwala m'bulangeti, ali pa Free Fire ndi anzake mpaka 2 koloko. Aphunzitsi akuti amangosinza m'kalasi. Tsiku lina ndinamutuma kukagulitsa mbatata ya kachewere, ndalama ina anagulira mamega a intaneti. Ndikamulanda foni amalusa moopsa. Anzanga ena akuti walodzedwa. Kodi ndi matenda?

Mayi, mtima ukhale pansi. Mwana wanu sanalodzedwe ndipo sanapenge. Koma nkhawa yanu ndi yomveka, chifukwa vuto lilipodi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukodwa ndi magemu kulembedwe m'ndandanda wa matenda wotchedwa ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Kuti dokotala anene kuti munthu ali ndi vutoli amayang'ana zinthu zitatu: akulephera kudziletsa, gemu yalanda malo a zinthu zina zofunika pamoyo wake, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona yekha kuti zikumuwonongera sukulu, ntchito kapena ubale. Kawirikawiri timafuna kuti zimenezi zikhale zitachitika kwa miyezi 12. Ambiri mwa osewera magemu safika pamenepo. Wanuyu zizindikiro zina wayamba kuonetsa, komabe chimene ndachiona choyamba m'kalata yanu ndi tulo.

Wachinyamata wa msinkhu umenewu amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Ngati akugona 2 koloko n'kudzuka 5 koloko kapena 6 koloko kukonzekera sukulu, ndiye kuti akupeza maola 3 kapena 4 okha. Munthu aliyense wogona chonchi, ngakhale inuyo kapena ine, amakwiya msanga, amaiwala zimene waphunzira, ndipo sachedwa kuchita zinthu mosaganiza. Ukali mukuuonawo mbali yaikulu ukuchokera pamenepa, ndipo ana ambiri akayamba kugona mokwanira amafewa pakangopita masabata ochepa.

Ndikufuna mumvetsenso chimene chimamugwira. M'gemu imeneyi osewera okwana 50 amatsikira pachilumba, ndipo mpikisano umodzi umatha mphindi pafupifupi 10. N'chifukwa chake mwana amati "kamodzi kokha aka", kakatha n'kuyambanso kena. Nthawi zambiri amasewera m'gulu la anthu anayi akulankhulana pafoni pomwepo. Mukamulanda foni pakati pa mpikisano, kwa iye ndiye kuti wathawa anzake pankhondo, mawa akamunyoza kusukulu. Chomwe akukakamiracho si foni yokha ayi, ndi anzakewo.

Choncho nkhaniyi musaikambe usiku muli okwiya. Mukhale naye masana, mwina mukusankha mbatata limodzi, mumuuze akuonetseni mmene amasewerera. Mudzadabwa mmene adzamasukire. Kenako mugwirizane nthawi: homuweki ikatha asewere ola limodzi kapena awiri, 9 koloko ikakwana foni ikachajidwe kuchipinda kwanu mpaka m'mawa. Muzimuchenjeza kukatsala mphindi 15 kuti amalizitse mpikisano umene ali nawo. Ngati mumadziwana ndi makolo a anzake atatu aja, kambiranani kuti nyumba zonse zitsate nthawi imodzi. Gulu likagona, iye yekha sachedwa kutopa nayo. Ndalama ya mamega ikhale yodziwika pasabata, ikatha yatha. Imene anatenga ija abweze ndi ntchito ya kumunda, chifukwa kutenga ndalama ya amayi ndi mlandu pawokha, gemu isakhale pobisalira. Kumumenya kapena kuphwanya foni sindikulangiza. Zimangomuphunzitsa kubisa, ndipo akhoza kuyamba kukagona kwa anzake.

Mumufunsenso mofatsa ngati pali chimene chikumusautsa kusukulu kapena pakhomo. Ana ena amathawira m'gemu chifukwa akuzunzidwa ndi anzawo, maphunziro awakanika, kapena ali ndi chisoni chimene sakuchinena. Mukaona kuti wasiya kudya, kusamba, kupita kusukulu, kapena wayamba kukamba za kufa, musadikire. Pitani naye kuchipatala cha Ulongwe mukafunse za SAAJ, kumene amathandizako achinyamata, kapena mukaonane ndi woona za matenda a maganizo.

Adokotala, ndili ndi zaka 24, ndimakhala ku Moatize. Ndikaweruka kuntchito ndimasewera eFootball pafoni maola atatu kapena anayi. Mwezi uno chala chachikulu cha kudzanja lamanja chikupweteka, ululu ukufika pamkono. Ngakhale kutsegula botolo kukundivuta.

Achimwene, yesani izi muli pomwepo: pindirani chala chachikulucho m'chikhatho, muchifumbate ndi zala zinazo, kenako weramitsani dzanjalo pang'onopang'ono kuloza mbali ya kachala kakang'ono. Mukamva ululu wobaya m'mbali mwa mkono, m'munsi mwa chala chachikulu, n'kutheka kuti muli ndi vuto limene madokotala amalitchula ndi dzina la De Quervain. Mitsempha iwiri yoyendetsa chalachi imadutsa m'kanjira kopapatiza, monga mmene waya wa buleki ya njinga amayendera m'chikhokho chake. Mukaigwiritsa ntchito mobwerezabwereza, kanjirako kamatupa ndipo mtsempha umayenda mokhulana.

Mankhwala aakulu ndi kupumitsa chalacho. Siyani gemu kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo mauthenga muzilemba ndi chala china. Ikani pamalopo madzi oundana okulunga m'kansalu kwa mphindi 15, kawiri kapena katatu patsiku. Ibuprofen amathandiza mukamwa mutadya, kwa masiku ochepa okha, koma musamwe ngati muli ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso. Kutikita mwamphamvu ndi kutemera sikuthandiza. Ululu ukapitirira mwezi, kapena zala zikayamba kuchita dzanzi, pitani kuchipatala. Angathe kukumangani kothandizira kuti chala chisagwedezeke, mwinanso kubaya jakisoni pamalopo. Mukachira muzipumira pakati pa mpira ndi mpira, ndipo foni muziitsamiritsa patebulo m'malo moinyamula m'mwamba maola onsewo.

Adokotala, ndili ndi kachipinda ka magemu ku Matundo, mumzinda wa Tete. Muli ma PlayStation atatu, ana amalipira n'kumasewera mpira ndi magemu a ndewu. Sabata yatha mnyamata wina wa zaka ngati 12 anagwa pampando n'kuyamba kuphupha, thovu kukamwa. Anzake anathawa, wina anafuna kumuika supuni m'kamwa. Tsopano makolo ena akuti malo anga ali ndi ziwanda. Kodi gemu ingagwetse mwana?

Bambo, mwachita bwino kufunsa, chifukwa inu ndi amene mumakhala ndi anawa maola ambiri. Yankho ndi lakuti inde, koma kwa ana ochepa kwambiri. Mwa anthu 100 odwala khunyu, pafupifupi atatu ndi amene amagwa chifukwa cha kuwala kothwanimathwanima, ndipo zimachitika kwambiri kwa ana ndi achinyamata. Mu Disembala 1997 ku Japan ana oposa 600 anathamangira nawo kuchipatala ataonera katuni ina ya pa TV imene inali ndi kuwala kofiira ndi kwabuluu kosinthana mwaliwiro. Gemu siyambitsa khunyu mwa mwana amene alibe. Imangodzutsa vuto limene linalipo kale, makamaka mwana akakhala pafupi kwambiri ndi sikirini, m'chipinda chamdima, asanagone mokwanira.

Komabe sindinganene kuti chinagwetsa mnyamatayo ndi kuwala. Kuno kwathu malungo akafika kubongo amachititsa mwana kuphupha. Kusowa shuga m'thupi chifukwa chosadya kungatero, ndiponso mphutsi za njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba zikakhazikika mubongo, vuto limene limapezeka m'madera monga Angónia kumene nkhumba zimayenda zosatsekeredwa. Palinso kutentha. Mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40, ndiye taganizani ana khumi atapanikizana pansi pa malata, zitseko zili zotseka kuti sikirini izioneka bwino. Mwana angakomoke, ndipo wokomoka nthawi zina amagwedezeka pang'ono. Chonde kauzeni makolo ake apite naye kuchipatala akamuyeze, ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Ngati ndi khunyu, mankhwala alipo, ndipo anthu okwana 7 mwa 10 alionse angathe kusiya kugwa akamamwa mankhwala oyenera mosadumphitsa.

Zikadzachitikanso, chotsani mipando ndi mawaya pafupi naye, muike nsalu yofewa pansi pa mutu wake, ndipo muyang'ane nthawi. Musamupanikize. M'kamwa musaikemo supuni, chala kapena madzi. Munthu sangameze lilime lake, koma supuni imathyola mano. Kuphupha kukatha mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke. Kukapitirira mphindi 5, kukabwereza, kapena ngati thupi latentha, muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Anzakewo muwaphunzitse kuti khunyu sipatsirana, kaya kudzera m'thovu kaya pomukhudza. Zimandipweteka mtima kuona mwana akusalidwa kusukulu ndi pamasewero chifukwa cha matenda amene ali ndi mankhwala.

M'chipindamo musiye nyale yoyaka, mipando italikirane ndi sikirini mamita awiri, mazenera akhale otsegula, ndipo pakhale chigubu cha madzi akumwa aukhondo. Magetsi akathima, jenereta ikhale panja, kutali ndi zenera. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha, ndipo umayamba ndi mutu ndi chizungulire.

Adokotala, ndine mtsikana wa zaka 17 wa ku Furancungo. Ndimakonda magemu a pafoni, ndipo madzulo ndimakhala panja pomwe netiweki imagwira bwino. Maso amandiwotcha, amatuluka misozi, mutunso umawawa. Agogo akuti ndichita khungu.

Mwana wanga, auze agogo kuti foni sichititsa khungu, koma pa zoti maso akutopa akunena zoona. Munthu amaphethira ka 15 kapena kuposa pa mphindi imodzi. Akatengeka ndi sikirini amaphethira mocheperapo kwambiri, diso limauma, n'kuyamba kuwotcha, ndipo misozi ija ndi diso likuyesa kudzinyowetsa. Pakatha mphindi 20 zilizonse uziyang'ana chinthu chakutali mamita 6 kapena kuposa kwa masekondi 20, uku ukuphethira mwadala. Foni isayandikire kumaso, ndipo usasewere mumdima sikirini ili yowala kwambiri. M'maso usathiremo madzi a shuga, a masamba kapena mankhwala ogula pamsika. Ngati zolembedwa pabolodi sukuziona bwino uli kumbuyo, ukayezetse maso. Mwina ukufunika magalasi. Ang'ono ako uwalimbikitse kusewera panja masana maola awiri patsiku, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumachepetsa vuto la kusaona patali mwa ana.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi kukhala panja usikuko. Udzudzu wa malungo umaluma kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha, ndipo munthu wotengeka ndi gemu samva n'komwe ukamuluma m'miyendo. Uzivala zofika m'mapazi, apo ayi sankha magemu osafuna intaneti usewere uli m'neti. Mutu ukawawa limodzi ndi kutentha thupi, kuzizidwa kapena kuphwanya m'mfundo, usanamizire foni. Kayezetse malungo tsiku lomwelo.

Adokotala, amuna anga amati akusewera gemu, koma ndi kandege kaja kobetcherana ndalama pafoni. Ndalama ya feteleza yatha, tsopano akukongola pafoni. Ndine wa ku Zóbuè.

Mayi, ameneyo si gemu wamba, ndi juga, ngakhale zonse zili pafoni imodzi. Kukodwa ndi juga ndi matenda odziwika kuchipatala, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi chimene mwanenacho: kubetchanso pofuna kubweza zimene zatayika, mpaka kulowa m'ngongole. Masewero otere anapangidwa kuti m'kupita kwa nthawi mwini wake ndiye azipindula, ndipo palibe ola lamwayi kapena njira yachinsinsi imene ingasinthe zimenezi, kaya ogulitsa njirazo anene zotani.

Yambani ndi kuteteza chakudya cha pakhomo. Ndalama ya mbewu, feteleza ndi sukulu ikhale m'manja mwanu kapena mu akaunti yanu ya M-Pesa kapena e-Mola, nambala yachinsinsi mudziwe nokha. Ngongole zawo musawabwezere mwakachetechete. Itanani ankhoswe kapena munthu wamkulu amene bambowo amamumvera, mukambirane popanda kuwachititsa manyazi pagulu, ndipo muwapemphe afufute pulogalamuyo anthuwo akuona. Anthu olemedwa ndi ngongole za juga nthawi zina amaganiza zodzipha, choncho muwafunse mosabisa mawu ngati maganizo amenewo amawabwerera. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Akavomera, kapena mukaona kuti sakugona, sakulankhula, akutsanzika anthu, musawasiye okha, chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo mupite nawo kuchipatala cha Zóbuè kapena cha Moatize tsiku lomwelo.