Mwapatsidwa dipatimenti ya kompyuta pasukulu ya ana a vuto la kumva: muyambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi ena a pasekondale ya ana a vuto la kumva, omwe angopatsidwa udindo wotsogolera maphunziro a kompyuta. Akuti ali ndi anzawo awiri omwe ali pansi pawo komanso chipinda cha makompyuta 12 oyalidwa motsamira khoma. Chinenero chamanja amachidziwa ndithu, koma akafika pa mawu a zakompyuta manja amauma. Chikuwasowetsa tulo n'chakuti ana amachita bwino akakhala pa kiyibodi, koma mayeso olemba akabwera amagwa. Funso lawo ndi lalifupi: "Ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, yambirani pa maso. Mwana wakumva amatha kuyang'ana sikirini, zala zili pa kiyibodi, makutu ali kwa inu, zonse nthawi imodzi. Ana anu ali ndi khomo limodzi lokha lolowera phunziro, ndipo maso sayang'ana kuwiri. Mwana akayang'ana sikirini, inu mwasowa. Akayang'ana manja anu, sakuona chomwe mausi ikuloza. Tsono phunziro la kompyuta ndilo limakokera maso kumalo ambiri kuposa ena onse: nkhope yanu, manja anu, bolodi, sikirini yake, kiyibodi yake. Ntchito yanu yaikulu monga mkulu wa dipatimenti ndi kuonetsetsa kuti, m'kalasi ya mphunzitsi aliyense mwa atatunu, mwana sakuuzidwa kuyang'ana zinthu ziwiri pakamodzi.

Ndiye makompyuta otsamira khomawo achoke kukhomako. Anayalidwa choncho chifukwa cha masoketi, osati chifukwa cha ana, ndipo zotsatira zake n'zakuti mwana aliyense wakufulatirani. Yalani matebulo mozungulira ngati chilembo cha U, ana akhale kunja kwake atayang'ana mkati, kuti aliyense aziona inu komanso anzake onse akamayankha. Nthambo za magetsi zidutse mkati mwa U yo, zotsekeredwa bwino kuti wina asapunthwe. Tsitsani masikirini, kenaka khalani pampando wa mwana wamfupi kwambiri: ngati simukuona munthu woima kutsogolo kuyambira m'chiuno kufika kumutu, sikiriniyo ikadali pamwamba. Kumbuyo kwa mphunzitsi kusakhale windo, chifukwa kuwala kochokera kumbuyo kumadetsa nkhope, pomwe galamala yambiri ya chinenero chamanja ili pankhope pomwepo. Musamathimitse magetsi onse poyatsa pulojekita. Siyani getsi lowalira pomwe mumaima. Ndipo makina aphokoso, monga seva kapena fani yakutha, atulutseni, pakuti timakina tam'makutu timakweza kulira kwa fani pamodzi ndi mawu a munthu.

Chipinda chikakhala bwino, gwirizanani nonse atatu ndondomeko imodzi: yang'anani kwa ine, yang'anani pabolodi, chitani. Chizindikiro choitanira ana chikhale chimodzi, monga kuthimitsa ndi kuyatsa getsi kawiri. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Veyon yomwe imalola mphunzitsi kutseka masikirini onse ndi batani limodzi, kapena kuonetsa sikirini yake pa makompyuta onse. Mukatseka, mitu imadzuka yokha. Koma muzichenjeza kaye, chifukwa kutsekera mwana ali pakati polemba n'chimodzimodzi kumutseka pakamwa.

Inunso muli ndi manja awiri okha. Simungalembe pa kiyibodi uku mukulankhula ndi manja, ndipo ambiri akapanikizika amayamba kulankhula ndi pakamwa atawerama, ana n'kutsala pamenepo. Chitani chonchi: fotokozani chomwe mukufuna kulemba, lozani pabolodi, lembani mzere umodzi wokha, chotsani manja pa kiyibodi, werengani mpaka 5 mumtima kuti ana awerenge, dikirani maso abwerere kwa inu, ndiyeno fotokozani. Zilembo zikhale za saizi 24 kapena kuposa, kamuvi ka mausi kakulitsidwe, manambala a mizere aziwoneka kuti muzingonena "mzere 7". Njira ina yabwino ndi kukhazika mwana mmodzi pa kiyibodi yanu kuti manja anu amasuke. Phunziro lotere limayenda pang'onopang'ono, choncho konzani ntchito ya teremu molingana ndi liwiro limeneli. Ngati m'kalasi muli womasulira, m'patseni zophunzitsa tsiku lisanafike, ndipo mukafunsa funso dikirani amalize kumasulira musanasankhe woyankha, apo ayi oyankha azikhala okhawo omva pang'ono.

Tsopano nkhani ya mawu, yomwe ine ndimaiona kuti ndiyo muzu wa kugwa kwa mayeso. Ana oposa 90 mwa 100 alionse a vuto la kumva amabadwa kwa makolo akumva, ndipo ambiri amachedwa kupeza chinenero chokwanira. Amafika ku sekondale nzeru zili bwinobwino koma mawu olembedwa ali ochepa. Ndiye zakompyuta zili ndi msampha wake: zinabwereka mawu wamba a Chingerezi n'kuwapatsa tanthauzo lina. Mawu akuti run, table, key, string, cell ndi memory mwana amawadziwa kale mwanjira ina. Mphunzitsi akapanga chizindikiro cha kuthamanga ndi miyendo pofuna kunena run, kapena cha kiyi wa chitseko pofuna kunena primary key, mwana amasunga chithunzi cholakwika, ndipo kuchichotsa n'kovuta kuposa kuphunzitsa chatsopano.

Chizindikiro chizitsata tanthauzo, osati kalembedwe. Onani mzere uwu: x = x + 1. Mukagwiritsa chizindikiro cha masamu chakuti "n'zofanana", mwana wochenjera akutsutsani, ndipo akhala akulondola, chifukwa 4 safanana ndi 5. Mu Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, chizindikiro cha = chikutanthauza kuika. Apa chinenero chamanja chimaposa cholankhula: ikani bokosi la x m'malere kudzanja lamanzere, tulutsanimo 4, onjezani 1 kudzanja lamanja, bwezerani 5 m'bokosi lomwe lija. Chizindikiro cha "n'zofanana" chisungireni == basi, chomwe mu Python chimafunsa ngati zinthu ziwiri n'zofanana. Chimodzimodzi if ndi else: njira ziwiri zosiyana, ina uku ina uko, thupi likutembenukira komwe pulogalamu ikupita.

Choononga kwambiri n'chakuti mphunzitsi aliyense amapeka chizindikiro chakechake, mwana n'kuphunzira zizindikiro zitatu za liwu limodzi pa zaka zitatu. Apa ndiye pofunika mkulu wa dipatimenti. Tsegulani silabasi, tulutsani mawu onse a teremu yoyamba, khalani pansi ndi anzanu pamodzi ndi akuluakulu a vuto la kumva omwe chinenerochi ndi chawo. Funsani kaye ngati chizindikiro chilipo kale musanapeke. Mukagwirizana, jambulani kavidiyo ka masekondi 10 pa liwu lililonse, kokhala ndi liwu lolembedwa, chizindikiro chake ndi chitsanzo chimodzi, n'kutisunga m'foda yomwe mwana aliyense angatsegule ngakhale popanda intaneti. A Scottish Sensory Centre ku University of Edinburgh ali ndi mndandanda wotere wa mawu a zakompyuta m'chinenero chamanja cha ku Britain. Ndi wabwino poonera momwe ena anaganizira, koma musakopere chimbulimbuli, chifukwa zinenero zamanja zimasiyana dziko ndi dziko. Ngakhale afabeti yeniyeniyo, ku Britain amaipanga ndi manja awiri pomwe ku America ndi dzanja limodzi. Pophunzitsa liwu latsopano lozani liwu lolembedwa, litchuleni ndi zala chilembo ndi chilembo, perekani chizindikiro, bwererani ku lolembedwa lija. Mawu atsopano asapitirire 5 kapena 6 pa phunziro limodzi, ndipo aperekedwe phunziro lisanayambe, osati ana ali kale pa makina.

Za zophunzitsa zenizenizo, yambani ndi zogwirika. Masewera a CS Unplugged, ochokera ku University of Canterbury ku New Zealand, safuna kompyuta. Ana 5 aime kutsogolo ndi makadi a madontho 16, 8, 4, 2 ndi 1. Muwauze apange 13: oonetsa madontho ndi a 8, 4 ndi 1, enawo abise makadi awo, ndipo pabolodi mulembe 01101. Binary, kalembedwe ka manambala ndi 0 ndi 1 yekha, yalowa popanda ndime yoti awerenge. Kenaka Scratch, momwe malamulo ali timidadada tolumikiza, ndi micro:bit, kachipangizo ka timagetsi 25 ndi mabatani awiri, A ndi B, komwe zotsatira zimaoneka ndi maso pompopompo. Zitsanzo zambiri zoyambira za Scratch zimadalira kulira kwa mphaka, choncho zisintheni kuti mphakayo azisintha mtundu kapena kulemba mawu. Koma mutu wa momwe kompyuta imasungira mawu omveka musaudumphe poganiza kuti suwakhudza. Umabwera pa mayeso, ndiponso umaoneka: tsegulani nyimbo mu Audacity, pulogalamu yoonetsa mawu ngati mafunde pa sikirini, kulitsani mafundewo mpaka timadontho tionekere, auzeni kuti pa CD timadontho timeneti timakwana 44,100 pa sekondi, ndipo agwire chibaluni pafupi ndi sipika amve kunjenjemera kwake m'manja.

Pofika pa Python musawapatse tsamba lopanda kanthu. Njira ya PRIMM, ya Sue Sentance ndi anzake, imayamba ndi pulogalamu yolembedwa kale: ana alosere chomwe ichite, aiyendetse, aifufuze, aisinthe, kenaka alembe yawo. Kulosera kuja kuchitike masikirini atatsekedwa, pulogalamu ili papepala, kuti akambirane ndi manja omasuka. Dulaninso pulogalamu ya mizere 6 kapena 8 m'timapepala, ana aisanje m'dongosolo lake; mwana wovutika kulemba Chingerezi amaonetsa pamenepo kuti mfundo waigwira. Pulogalamu ya Thonny ili ndi kawindo koonetsa zomwe zili m'bokosi lililonse pamene mukuyendetsa mzere ndi mzere, ndiye bokosi lanu la m'malere lija amalionanso pa sikirini. Mukawaika awiriawiri, asakhale mogundana mapewa, akhale pangodya ya tebulo kuti azionana, ndipo lamulo likhale lakuti mnzako akamalankhula manja achoke pa kiyibodi.

Mauthenga ofiira a zolakwika ndi Chingerezi chovuta, ndipo ana ambiri akawaona amangokweza dzanja. Aphunzitseni ngati mawu ena onse. Pakhoma pakhale tchati cha anayi obwera kawirikawiri, SyntaxError, NameError, IndentationError ndi TypeError, lililonse ndi chitsanzo cholakwika ndi chokonzedwa. Azolowere kuyamba kuwerenga mzere wotsiriza wa uthengawo, kenaka kufufuza nambala ya mzere. Tsiku lina muwapatse dala pulogalamu yomwe 5 kuphatikiza 3 ikutulutsa 53, azindikire okha kuti input, lamulo lolandira zomwe munthu walemba pa kiyibodi, imabweretsa zilembo, osati nambala.

Mavidiyo a pa YouTube muziyamba mwaonera nokha mutathimitsa mawu. Mawu olembedwa ndi makina pansi pa vidiyo amasokoneza mawu a zakompyuta, ndipo mwana akamawerenga pansipo sakuona zomwe zikuchitika pamwamba. Vuto lomwe lija la maso.

Kunena za mayeso, pezani kaye chomwe chikuwagwetsa. Tengani mafunso 10, ana ayankhe polemba, ndipo patsiku lina muwafunse ofanana nawo ndi manja. Pomwe wakhoza ndi manja n'kulephera polemba, vuto ndi chinenero ndipo kubwereza mutuwo n'kutaya nthawi. Pamenepo phunzitsani mawu olamula a m'mafunso, kusiyana kwa state, describe ndi explain, komanso momwe malikisi amasonyezera kuchuluka kwa mfundo zofunika. Mphindi 10 zomaliza za phunziro lililonse mwana alembe ziganizo ziwiri za chomwe wachita pa makina. Lemberani bungwe loyendetsa mayeso chaka chikangoyamba kufunsa zomwe limalola, kaya nthawi yoonjezera kapena womasulira, chifukwa malamulo amasiyana bungwe ndi bungwe, ndipo chololedwacho ana achizolowere pa mayeso a m'kalasi.

Pali zinthu ziwiri zomwe silabasi sinena. Choyamba, ana akumva amatola machenjezo a pa intaneti m'nkhani za akuluakulu ndi pa wailesi, pomwe anu samatola, ndiye auzeni mwachindunji za akuba a pa intaneti ndi anthu onamizira ubwenzi. Akumbutseni kuti uthenga wa chinenero chamanja ndi vidiyo, ndipo vidiyo imaonetsa nkhope, yunifolomu ndi chipinda chogona. Chachiwiri, makina ambiri amadandaula ndi phokoso: UPS, bokosi la batire losunga makompyuta magetsi akazima, imalira batireyo ikamatha, kompyuta imalira ikakana kuyaka, fani imachita phokoso isanafe. Ikani munthu woyendera makina sabata iliyonse, phunzitsani ana kuwerenga timagetsi ndi kugwira bokosi kuti amve kutentha kapena kunjenjemera, ndipo mu Windows tsegulani, pa Accessibility, njira yoti sikirini iziphethira pakabwera chenjezo.

Ana amafunanso kudziwa komwe njirayi ikupita. Auzeni za Vint Cerf, yemwe pamodzi ndi Bob Kahn anakonza TCP/IP, malamulo omwe intaneti imayendera, ndipo iye ali ndi vuto la kumva. Auzeni za National Technical Institute for the Deaf, koleji ya zaluso ya anthu a vuto la kumva ku Rochester, m'dziko la America. Koma woposa onsewa ndi munthu wa vuto la kumva wogwira ntchito ya zakompyuta yemwe angabwere m'kalasi n'kucheza nawo ndi manja.

Anzanu awiri aja, mukamakaonerera phunziro lawo musanyamule fomu ya masamba atatu. Khalani pampando wa mwana wa kumapeto kwa U, pepala m'manja, muzichonga nthawi iliyonse mphunzitsi wafotokoza kanthu ana akuyang'ana kwina. Muyambe ndi kalasi yanu, iwo akuchongeni inuyo, kuti asaone ngati mukuwasaka zifukwa. Pakatha mwezi mubwerezenso, n'kuyerekeza mapepala awiriwo pa msonkhano wa dipatimenti.