Disco 4 ya dizilo: musanatumize ndalama, mvani kaye za crankshaft

Achimwene, Disco 4 (Land Rover Discovery 4) ya 2012 mwaiona ku UK n'kufuna kuigulayo musaithamangire. 110,000 yalembedwayo ndi mamailosi, m'makilomita ndi 177,000, ndiye kuti ili pakhomo penipeni pa timing belt. Pa injini ya 3.0 lamba ameneyu amasinthidwa pa mamailosi 112,000 kapena pakatha zaka 7, chimene chayamba kukwanacho. Galimoto ya 2012 inayenera kusinthidwa lamba mu 2019 ngakhale ikanangokhala pakhomo. Ndipo malambawo ndi awiri, wakutsogolo woyendetsa ma camshaft ndi wina kumbuyo kwa injini woyendetsa pampu ya dizilo. Wakumbuyoyo anthu amamuzemba poti dzanja sililowa bwino. Wogulitsa akati zonse zinasinthidwa, akujambulireni lisiti. Nambala ya galimotoyo ya ku UK muilowetse pa webusaiti ya boma la kumeneko ya MOT history, yoonetsa mbiri ya kuyezedwa kwa galimoto, n'zaulere, muone mamailosi a chaka ndi chaka. Akabwerera m'mbuyo pena pake, mwadziwiratu munthu amene mukuchita naye malonda.

Koma chimene chimaliritsa eni magalimoto amenewa si lamba ayi, ndi crankshaft, chitsulo cha pansi mu injini chimene ma piston amazunguza. Zimachitika chonchi. Muli pa M1, mwadutsa pa Ntcheu mukukwezeka cha ku Lizulu, AC ikuzizira bwinobwino, pa dashboard palibe chayaka. Mungomva pansi gu gu gu, ngati wina akusinja mumtondo mopanda chimanga. Kanyali kofiira ka oyilo kaphethira, mphamvu zii. Mwaima m'mbali mwa msewu, ogulitsa kachewere ndi kabichi akuzingani kale. Mutsegula boneti, palibe chatayika, madzi ali momwemo, pansi pouma gwa. Muyesa kuliza, mwina ingoti kli osazungulira, mwina ilira ndithu koma pulley yakutsogolo ikuvina. Apo yathyoka basi. Ma bearing a crank amatembenuka pamalo pake n'kutseka kabowo kodutsira oyilo, chitsulo chimapsa, kenako chimaduka, ndipo kawirikawiri block nayo imapita limodzi. Kukoka ndi chingwe iwalani. Chinthuchi chimalemera matani awiri ndi theka, chimakoka ndi matayala onse anayi, ndipo gearbox ya magiya 8 ya chaka chimenecho imadzitsekera mu Park injini ikazima. Mukufunika bulekidauni yonyamula pamsana, ndipo yochokera ku Lilongwe siifika dzuwa lisanalowe. Kugalajako, kuti injini ituluke amanyamula body yonse kuichotsa pa chassis. Pansi pa mtengo wa mango ntchito imeneyo siitheka.

Pamene pamandipsetsa mtima ine ndi pa amakaniko ena amene amafulumizitsa maliro amenewa. Munthu wakupatsa galimoto yamtengo wa nyumba, iwe n'kutunga 15W-40 m'diramu yomwe ukuthirira malole, ati dizilo ndi dizilo. Manyazi bwanji! Injini imeneyi ikakhala ndi DPF (sefa ya mu ekizosi yogwira mwaye), ndipo za ku UK za 2012 zili nayo, imafuna 5W-30 wa C1, pabotolo palembedwe WSS-M2C934-B, pafupifupi malita 6. Ena akaiika pa mashini amangofufuta ma fault, mulipire, mawa nyali zabwereranso. Kenako ayamba kulosera ndi thumba lanu, lero sensor, mawa turbo, mkuja injector. Galimoto imeneyi batire likangofooka, kapena ka switch ka nyali za mabuleki kakafa, imalemba HDC fault, transmission fault, n'kudzitsitsa pansi ngati yathera pomwepo. Ka switch kotchipa, koma alipo anagulitsidwa nako gearbox. Mmisiri amene sayamba wayeza batire musamusiyire makiyi.

Za DPF zija zimvetseni bwino, chifukwa ndi zimene zimadya oyilo mwakachetechete. Kuti iwotche mwaye, injini imathira dizilo woonjezera, ndipo imafuna ulendo wa mphindi 20 pa liwiro loposa makilomita 60 pa ola. Inu mukangoyenda Area 47 kukafika ku City Centre n'kuzimitsa, ntchitoyo imadukira panjira, dizilo uja amatsikira mu sump, momwe mumakhala oyilo. Oyilo amaoneka ngati akuchuluka pamene akusungunuka, ndiye ma bearing aja akusambira m'madzi. Vuto lina 3.0 ilibe dipstick, mlingo wa oyilo mumauona pa menu ya pa dashboard, injini itatentha n'kuima mphindi 10 pamalo osatsetsereka. Mukaona wakwera kuposa mmene munathirira, khetsani tsiku lomwelo. Ku UK buku limati sevisi pa mamailosi 16,000. Kuno ndi fumbi lathuli musadutse makilomita 8,000, oyilo ndi filter yake.

Dizilo wa m'zigubu ayi, ngakhale mzere wa pa filling station utafika kumsika. Madzi pang'ono kapena palafini, pampu ya high pressure imayamba kudzidya, tizitsulo n'kumwazikira m'ma injector onse 6, m'mapaipi mpaka mu thanki. Filter ya dizilo muzisintha sevisi yachiwiri iliyonse.

Zinazi n'zopiririka, zimangofuna ndalama. Air suspension: mukaiimika madzulo, m'mawa n'kuipeza yagwada mbali imodzi, pali pomwe pakutuluka mpweya. Thirani madzi a sopo pa airbag ndi m'malumikizidwe a timapaipi, thovu likuonetsani. Mukazengereza, compressor ili pansi kumanzere kutsogolo kwa tayala lakumbuyo imagwira ntchito osapuma mpaka kupsa. Ma bush a ma control arm apansi akutsogolo satha zaka zambiri m'maenje athuwa, mumva kugunda mukaponda buleki, ndipo mugule arm yonse, osati kukhomera bush. Inlet manifold ndi yapulasitiki, imang'aluka, mumva kufwenthera ndi kuona restricted performance. Handbrake yamagetsi ikayamba kukuwa ngati nkhumba yogwidwa mwendo, lekani kuikoka, akatsuke ndi kutchuna ma shoe akumbuyo, apo ayi mugula module yonse. Oyilo wa gearbox amati ndi wamuyaya, musamvere, sinthani pofika makilomita 80,000 ndi ZF Lifeguard 8, pamodzi ndi pan yake poti filter ili momwemo.

Tsono ndinene zoona, crank ija imathyoka ngakhale kwa munthu wosamala amene sanaphonyepo sevisi. Oyilo wabwino amangochepetsa ngozi, sakulonjezani kanthu. Ngati ndalama zanu zikuthera pa kugula, sitima ndi msonkho wa MRA, isiyeni, funani Prado mugone tulo.

Komabe ngati mungathe kuika padera ndalama ya injini ina osaikhudza, itengeni. Ya ku Nyika ija, msewu wafumbi wochokera ku Rumphi, palibe ina imayenda mofewa ngati iyi, anthu 7 onse atakhala bwinobwino. Ikangolowa pa Songwe musadikire chilichonse, sinthani: malamba onse awiri ndi ma tensioner ake, water pump, oyilo, ma filter onse, batire latsopano. Mugulenso kamashini kanu kowerengera ma fault kodziwa Land Rover, kazikhala mu glove box. Ndipo mutumize VIN (nambala ya chassis) ndi chithunzi cha lisiti la lamba muno tione, musanalipire dipoziti.